Modemu ya mkati yapsa: mugule ya serial, ya USB, kapena mungotsanzikana nayo lamya?

Mvula yoyamba ikafika kuno kuchigwa cha Shire, chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, imabwera ndi mabingu ndi ziphaliwali, ndipo m'mawa mwake amisiri a pa Dyeratu, Nchalo ndi Bangula amalandira ma TV ndi madikoda akufa. M'gulu lomwelo mumakhalanso modemu ya lamya, kachipangizo kolumikiza kompyuta ku laini ya foni. Kompyuta imayaka bwinobwino, Windows n'kutseguka ngati kale, koma mukati muimbe nambala imangokuponyerani Error 680, yoti palibe dial tone (kulira kumene mumamva mukanyamula foni), chonsecho foni ya patebulo ikuimba bwino pa laini yomweyo.

Achinyamata a WhatsApp adabwa kuti nkhani ya dial-up ikudzatani masiku ano. N'zoona, nyengo yake inapita. Intaneti yodzera pa lamya ndi imene tinayambira m'dziko muno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, masiku a MalawiNet ndi SDNP, ndipo ngakhale AOL ya ku America, imene inakulira pa dial-up, inatseka ntchitoyi mu Seputembala 2025. Koma modemu si ya intaneti yokha. Kompyuta yakale ya mu ofesi imatha kutumiza ndi kulandira fakisi kudzera pa modemu, ndipo pali mapulogalamu akale amene amaimba molunjika kompyuta ina ya kulikulu. Amene muli ndi makina otere, ndipo khadi la modemu la mkati mwa kompyuta lakutherani, njira zilipo zinayi. Sizolingana, ndipo kuno kwathu sizilingana ndi mmene amazilembera a kumaiko ozizira.

Musanatulutse ndalama

Yambani ndi laini. Zulani waya wa lamya kumbuyo kwa kompyuta, muulowetse mu foni wamba, mumvetsere. Ngati kuli zii, vuto si modemu. Ndi waya wa panja, ndipo mawaya a kopa amenewa adyedwa kwambiri ndi akuba komanso madzi osefukira. Ngati laini ikulira koma mukumveka kuthetheka, modemu iliyonse imene mungagule idzavutika nayo. Onaninso kuti waya unali pa kabowo kolembedwa LINE osati PHONE, chifukwa timabowo tiwiriti timafanana ndipo wosesa mu ofesi akazula amabwezera pomwe dzanja lafikira.

Chizindikiro china cha modemu yowombedwa ndi mphenzi n'chakuti imagwira laini osaisiya. Oimba amangomva kuti laini ndi yotanganidwa tsiku lonse, koma mukangozula waya ku kompyuta foni imayambanso kulira. Zikatero musavutike ndi madriver (timapulogalamu tothandiza kompyuta kugwiritsa ntchito chipangizo), khadilo lapsa.

Kenako imbani ndi foni wamba nambala imene modemu imaimba. Kukayankha kaphokoso kolira mokwetekweteka kaja, ndiye kuti mbali inayo kudakali makina. Kukapanda kuyankha, palibe modemu imene ingakuthandizeni, pitani pa njira yachinayi. Chimodzimodzinso ngati foni yanu ya patebulo ndi ija ya mlongoti kapena ya SIM khadi: netiweki ya mafoni a m'manja imafinya mawu mogwirizana ndi kulankhula kwa munthu, ndipo kulira kwa modemu kumafika mbali inayo kutaphwanyika.

Khadi lina la mkati

Iyi ndi njira yotchipa, ndipo ili ndi ubwino umodzi weniweni: khadi limadya magetsi a kompyuta, choncho palibe adaputala ina, palibe soketi ina, ndipo ngati kompyuta ili pa UPS, bokosi la batire logwirizira magetsi akazima, modemu nayo yatetezeka. Ubwino wake wathera pomwepo.

Makhadi ambiri a PCI ndi aja amatchedwa Winmodem. Opanga anachotsamo kachipangizo kochita ntchito ya modemu n'kuisiyira kompyuta, kuti mtengo utsike. Popanda driver wake weniweni, khadi lotere ndi kachitsulo chabe. Ndiye mumayamba kuwerenga kachipi kakuda ka pakhadipo kuti mudziwe ngati ndi Conexant, Lucent, Agere, PCTel kapena Motorola SM56, n'kumafunafuna driver wa Windows yanu. Wa XP amapezeka, wa Windows 7 mwina, koma wa Windows 10 ya 64-bit nthawi zambiri kulibe, ndipo pa Linux ndi mutu waukulu. Musanagule yang'ananinso mpata wa pa motherboard, bolodi lalikulu la mkati mwa kompyuta: ISA, PCI, PCI Express ndi timipata tating'ono ta AMR ndi CNR n'zosiyana, khadi la kwina sililowa kwina.

Chachikulu n'chakuti mwabwezeretsa waya wa panja pamtima pa kompyuta. Sikuti mphenzi imachita kugwera pa waya wanu. Ikagwa pa mlambe kapena pa mgwalangwa chapafupi, mphamvu yake imalowa m'waya wa kopa wotalika makilomita ambiri uja n'kuyenda mpaka kumapeto kwake. Kumapeto kwakeko kukakhala khadi lolumikizidwa pa motherboard, ulendo uno lapsa khadi lokha, ulendo wina ipsa ndi motherboard yomwe. Mukatsegula bokosi la kompyuta yotere mumapeza pafupi ndi kabowo ka waya pali pakuda, nthawi zina kachipangizo kamodzi kataphulika pamwamba, ndi kafungo ka pulasitiki yowauka. Ine njira iyi ndingaivomere pokhapokha ngati khadi lofanana ndi lakufalo lili kale m'kabati ndipo kompyutayo si yofunika kwenikweni.

Bokosi la panja la serial

Apa ndi pamene pali nkhani. Modemu ya serial ndi kabokosi kokhala patebulo, kokhala ndi magetsi akeake ndi chingwe chopita ku COM port, polumikizira pa serial kumbuyo kwa kompyuta. Odziwika ndi a US Robotics, monga Sportster ndi Courier, komanso a Zoom, Hayes ndi MultiTech. Ntchito yonse ya modemu imachitikira m'kabokosimo, kompyuta imangotumiza malamulo a AT, amene anayamba ndi kampani ya Hayes mu 1981. N'chifukwa chake sivuta madriver. Mu Windows mukhoza kusankha Standard 56000 bps Modem pa mndandanda n'kuyamba ntchito, pa Linux imapezeka pa /dev/ttyS0, ndipo modemu yomweyo imagwira pa kompyuta ya Windows 98 ndi ya Windows 10.

Chimene ndimaikondera kwambiri ndi timagetsi ta kutsogolo. Kompyuta ikatsegula port kamayaka TR. Ikalamula kuimba mumamva kuti thwa mkati, OH n'kuyaka, kusonyeza kuti modemu yanyamula laini. Kenako manambala amalira, mbali inayo iyankha, ziwirizo zikokanakokana kwa masekondi angapo, ndipo zikamvana kamayaka CD. Kuchokera apo SD ndi RD zimangophethira pamene zinthu zikupita ndi kubwera. Tsono zikavuta simuchita kulota. TR ikapanda kuyaka, vuto lili pa chingwe kapena pa kompyuta. OH ikayaka koma kuli chete, vuto ndi laini. CD ikamayaka n'kuzima, laini ndi yaphokoso kapena a mbali inayo akukudulani. Mlembi wa mu ofesi ku Ngabu akhoza kufotokozera mmisiri wa ku Blantyre pafoni kuti kayaka ndi aka, kazima ndi aka, vuto n'kudziwika munthu asanatsike phiri la Thabwa. Ndipo modemu ikauma mutu mumangoizimitsa n'kuiyatsanso payokha, kompyuta osaikhudza.

Pa za mphenzi tisanamizane. Kabokosi ka panja si mankhwala. Mphamvu ikakhala yaikulu imatha kudutsa pa chingwe cha serial n'kuwotcha port. Koma kawirikawiri chimene chimafa ndi kabokosiko, ndipo kugula kena n'kosavuta kusiyana ndi kufunafuna motherboard ya kompyuta ya zaka 20. Chinanso, waya wa lamya umakhala pamaso panu patebulo, osati pansi kuseri kwa bokosi kumene munthu amachita kugwada. Kumwamba kukangoyamba kuda cha ku mapiri a Thyolo mumatambasula dzanja n'kuzula. Kuzula ndiye chitetezo chokhacho chodalirika. Ma surge protector okhala ndi timabowo ta lamya amathandiza, koma amadalira waya wa earth wa nyumbayo, ndipo earth yokwiriridwa m'dothi louma la mu Okutobala, kapena imene inadyeka kalekale ndi dzimbiri, ilibe kumene ingatayire mphamvuyo.

Kutentha nako kumakomera ya panja. Kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'bokosi la kompyuta lodzaza fumbi kumaposa apo. Khadi limodzi likachoka mpweya umayendako bwino. Kabokosi ka panjako musakaunjikire mafailo pamwamba, timabowo take ndi topumira.

Zovuta zake zilipo, ndipo zambiri zimakhala pa zingwe. Choyamba ndi adaputala. Mamodemu amenewa masiku ano amapezeka ogwiritsidwapo kale ntchito, ochokera kunja. Magetsi athu ndi a 230V, pomwe adaputala ya ku America ndi ya 120V. Mukangoilowetsa pa soketi kudzera pa kosinthira mano, utsi. Komanso mamodemu ambiri akale amafuna AC yotsika, monga 9V AC, osati DC imene ma adaputala a pamsika amatulutsa. Werengani kachikwangwani ka pansi pa modemu ndi ka pa adaputala, zilembo ndi manambala zigwirizane. Kukwana kwa kamutu pa kabowo sikutanthauza kanthu.

Chachiwiri ndi chingwe cha serial. Ku modemu kawirikawiri kumakhala kwa mano 25, ku kompyuta kwa mano 9. Chofunika ndi chingwe cholunjika cha modemu. Pali china chofanana nacho ndendende pamaso, chotchedwa null modem, chimene mawaya ake anapingasitsidwa mkati kuti chilumikize makompyuta awiri. Chimenecho modemu siyankha. Musasokonezenso COM port ndi ya sikirini: ya serial ili ndi mano 9 m'mizere iwiri, ya VGA ili ndi timabowo 15 m'mizere itatu. Makompyuta ambiri atsopano alibiretu COM port. Ena ali ndi mano ake pa motherboard ongofunika kachingwe kotulutsira kumbuyo, apo ayi mugule chingwe chosinthira USB kupita ku serial. Za chipi cha FTDI sizivuta. Zotchipa zonamizira Prolific ndi zimene Windows imakonda kuzikana.

Chachitatu ndi magetsi. Modemu ya panja ikakhala pa soketi ya kukhoma pomwe kompyuta ili pa UPS, magetsi akangophethira laini yaduka, fakisi yathera pakati. Ilowetseni pa UPS nayonso, imadya pang'ono. Amene tinaona mdima umene unadza namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW, tikudziwa kuti kukhala pafupi ndi popangira magetsi sikutanthauza kukhala ndi magetsi.

Za liwiro musayembekeze zodabwitsa. Nambala ya 56K ya pabokosi ndi ya V.90 ya mu 1998 ndi V.92 ya mu 2000, ndipo imatheka pokhapokha mbali inayo ili yolumikizidwa ku netiweki ya lamya mwa digito, laini yanu n'kukhalanso yoyera. Mamodemu awiri wamba akamaimbirana, ofesi ndi ofesi, sapitirira 33.6 kbps, ndipo fakisi wamba imathera pa 14.4 kbps. Windows ikakuonetsani 115,200 musasangalale, limenelo ndi liwiro la pakati pa kompyuta ndi modemu basi. Laini ikagwira pa 40 kbps, chithunzi chimodzi cha 3 MB chimatenga mphindi ngati 10, ndipo mphindi iliyonse ikuwerengedwa pa bilu ya lamya. Pamene ya panja imapambana ndi pa laini yodwala: mamodemu abwino amatsitsa liwiro n'kupitiriza m'malo modula. Laini ikamadukaduka, ikakamizeni kuyenda pang'onopang'ono. Pa mamodemu ambiri a chipi cha Conexant mumalemba AT+MS=V34, ndipo mu bokosi la Extra initialization commands la Windows mumasiya AT wakutsogoloyo. A US Robotics ali ndi malamulo awoawo a &N ndi &U.

Ya USB

Iyi ndi kachipangizo kakang'ono ngati kabokosi ka machesi, mbali ina USB, mbali ina kabowo ka waya wa lamya. Sifuna adaputala, ndiye kwa amene akugwiritsa ntchito laputopu pa sola, kumadera ngati Makhanga kapena Muona, imapepuka. Koma zili mitundu iwiri ndipo pamaso sizisiyana. Zina, monga USR5637 ya US Robotics, zili ndi ubongo wake mkati, Windows yatsopano imazilandira ndipo Linux imaziona ngati /dev/ttyACM0. Zina ndi Winmodem yomwe ija yavala malaya ena, ndipo vuto la madriver limabweranso. Timagetsi timakhala kamodzi kapena tiwiri, sipika nthawi zambiri mulibe, choncho kufufuza vuto n'kovutirapo. Mphenzi ikadutsa imakafikira pa USB port ya laputopu. Ngati kompyuta ilibe COM port ndipo simukufuna milu ya zingwe, tengani iyi, koma ya mtundu woyambawo.

Kusiyana nawo waya

Ngati chimene mukufuna ndi intaneti basi, imelo ndi kutumiza malipoti, njira zitatu zapitazi n'kutaya ndalama. Netiweki ya TNM kapena ya Airtel, ngakhale itagwa kufika pa 3G yofooka, imaposa dial-up kutali, ndipo palibe waya wa kopa wokokera mphenzi m'nyumba. Funso limangotsala loti mulumikiza bwanji kompyuta yakaleyo.

Dongle ndi imene anthu anazolowera, ndipo zakale zija Windows inkaziona ngati modemu yoimba *99#. Vuto lake zambiri n'zokhomedwa pa kampani imodzi, ndipo ikakhala kuseri kwa bokosi lachitsulo m'nyumba ya malata sigwira bwino. Kachingwe kowonjezera ka USB kofikitsa pawindo kamasintha zinthu. Foni ya Android pa chingwe cha USB imagwira mosavuta kuyambira pa Windows 7, koma mwini foni akapita kumsika intaneti ya ofesi yapita naye. MiFi, karauta kam'thumba ka SIM khadi, imafuna kuti kompyuta ikhale ndi Wi-Fi, ndipo batire lake likamakhala pa chaja usana wonse m'kutentha kwa kuno limatupa. Kwa kompyuta ya patebulo yakale, ine ndimasankha rauta yolowetsa SIM khadi yokhala ndi kabowo ka chingwe cha Ethernet: palibe driver, palibe batire, ndipo mukhoza kuipachika pamene netiweki ikugwira.

A ku Nsanje ndi ku Marka, ndi ena a m'mphepete mwa malire, ikani chipangizocho kuti chisamadzisankhire chokha netiweki, chifukwa milongoti ya ku Mozambique imafika mpaka kuno ndipo SIM ikadumphira kumeneko intaneti imaduka kapena mayunitsi amapita. Pa Windows 10 ndi 11 sankhani metered connection kuti ma update asamalize bandulo usiku umodzi. Ndipo kompyuta ya XP, imene Microsoft inasiya kuiteteza mu Epulo 2014, isamayende pa intaneti mwachisawawa. Masamba ambiri a masiku ano satsegukanso pa browser zake.

Chimene njira iyi sichita ndi fakisi komanso kuimba molunjika modemu ina. Ngati ofesi imene mumatumizako imavomera sikani pa imelo, fakisi mwathana nayo. Ngati sivomera, kapena pulogalamu yanu imadziwa kuimba kokha, bwererani ku bokosi la serial.

Kusintha kwake

Chotsani kaye driver wakale mu Device Manager, muzimitse kompyuta, muzule chingwe cha magetsi ndi waya wa lamya. Waya wa lamya umakhala ndi magetsi akeake pafupifupi 48V, ndipo wina akaimba muli chiugwirire mumva. Tsegulani bokosi, gwirani chitsulo chake kaye musanagwire khadi, masulani kabawuti kamodzi, kokani khadi molunjika. Khadi lopsa musalisiye mkati. Pamene lachokapo tsekanipo ndi kachitsulo kake kapena china chilichonse cholimba, chifukwa mpata umenewo ndi khomo la mphemvu ndi nalimata, ndipo timazira toyera ta nalimata tomatirira pafupi ndi fani si zachilendo m'makompyuta a kuno. Pa laputopu simuchotsa kanthu, mumangoizimitsa modemu ya mkati mu Device Manager kapena mu BIOS.

Lumikizani chingwe cha serial kompyuta ili chizimire, yatsani modemu kaye, kenako kompyuta. Windows ikapanda kuiona, pitani pa Phone and Modem mu Control Panel muiwonjezere nokha pa COM1 kapena COM2, kenako dinani Query Modem pa Diagnostics. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti kulumikiza kwakale kwa dial-up ndi pulogalamu ya fakisi zimakhala zikulozabe ku modemu yakufa ija. Lowani mu Properties musankhe yatsopano. Ngati laini imadzera pa switchboard, ikani nambala yotulukira panja monga 9, yotsatana ndi chizindikiro cha koma (,), patsogolo pa nambala yoimbayo, ndipo modemu ikamakana kuti sikumva dial tone pomwe ilipo, lamulo la X3 limaiuza kuti ingoimba osadikira.

Ndiye mutenge iti? Wofuna intaneti yokha atenge rauta ya SIM. Wofuna fakisi kapena kuimba makina ena, pa kompyuta ya patebulo, atenge ya serial. Wa laputopu atenge ya USB yokhala ndi ubongo wake. Khadi la mkati likhale la pangozi.

Popeza modemu ya serial mudzaigula yakale, mwina ku Limbe kapena kwa mmisiri amene anaisunga m'katoni, musapereke ndalama musanaiyese, chifukwa modemu yowombedwa ndi mphenzi imayaka timagetsi ngati yamoyo. Tsegulani pulogalamu ya HyperTerminal pa XP kapena PuTTY pa Windows zatsopano, lembani AT, iyankhe OK. ATI3 imatchula dzina lake. ATH1 imveke kuti thwa ndipo OH iyake, ATH0 izime. Zonsezi zimangotsimikiza mbali ya ku kompyuta, pomwe mphenzi imapha mbali ya ku laini. Choncho gwirizanani ndi wogulitsa kuti mukaiyese pa laini yeniyeni, mulembe ATDT motsatana ndi nambala ya foni yanu ya m'manja. Foni ya m'thumba ikalira, mulipireni.